Lamba Watsopano, Kagudumu Kakale

Amene akukayika anyamuke ndisanayambe, chifukwa ndikayamba sindiima. Inu a Jere, ndaona kale pakamwa panu pakupendekeka. Khalani pansi, mbatata mukugulitsazo sizithawa.

Ine ndinakhala ku Joni zaka zambiri ndikugwira ntchito m'galaja. Pobwerera kwathu ku Bembeke ndinabwera ndi pikapu yoyera, yokalamba ngati mwini wake, imene ndinalonjeza malemu akazi anga, anaMaseko, kuti idzawatengera ku Misa. Zaka zonse ndili kutali iwo ankapita wapansi m'chifunga, amayi anzawo akuwafunsa ngati amuna awo akadali moyo.

Pikapuyo itangofika pakhomo inayamba kulira ngati kamwana ka mbuzi. Nditatsegula ndinapeza lamba wamano uja, amene amayendetsa za pamwamba ndi za pansi pa injini kuti zisagundane, atang'ambikang'ambika. Pambali pake pali tenshona, kagudumu kamene kamakoka lambayo kuti asakhwefuke. Ndinati ndikonza ndekha, pansi pa mtengo wa mapichesi.

Unali mwezi wa Juni. Mukumva? Kunkazizira moti ndikatukwana bawuti mawu ankauma pakamwa n'kugwa pansi ngati matalala, nkhuku n'kumatola, ndipo mpaka lero tambala wa kwathu akalira ansembe amatseka makutu. Chifunga chinali cholimba moti ndinkakolekapo masipanala, jeke ndinalibe, ndiye ndinanyamula galimoto ndi bondo lamanzere, dzanja lina likumasula bawuti, linalo likusenda mbatata zoti anaMaseko akazinge, ndipo bawutiyo itakana ndinaikoka mwamphamvu mpaka galimoto inangokhala phee koma phiri la Dedza ndi limene linatembenuka, anthu a paboma n'kudzuka dzuwa likutulukira kumadzulo. Ndinalibweza ndekha masana ake. Kafunseni.

Ndinalemba zizindikiro pa magudumu ndi laimu ndi nthenga ya nkhuku, kuti dzino lililonse lidzabwerere pamalo pake. Lamba watsopano ndinali naye m'sutikesi. Chimene ndinalibe ndi tenshona yatsopano.

AnaMaseko anaima pambali, atafunda nsalu mpaka m'makutu.

"Bambo a Tereza, ikani lamba watsopanoyo. Kagudumu kakaleko si kakuzungulira? Tipite Lamulungu lino."

"Iyayi, mayi. Ku Joni tinaphunzira kuti ziwirizi zimakalamba limodzi, zimachokanso limodzi. Ukasiya chimodzi chimangolira."

"Nanga miyendo yangayi mudzaisintha liti?" anatero akuseka, n'kutenga kolona wawo, ulendo wapansi.

Ku Lilongwe ndinasowa kagudumu ka mtundu umenewo, ndiye ndinatuma mnzanga woyendetsa mathiraki kuti akandigulire ku Joni. Ndinadikira. Mapichesi anachita maluwa n'kuyoyokera mu injini, thadzi linaswa anapiye pampando wa dalaivala, mvula inabwera, dzungu linayanga n'kukwera pachiwongolero n'kubala pompo, lalikulu moti tinadya mudzi wonse ndipo chigoba chake ana akusewereramo mpaka pano. Lamulungu lililonse anaMaseko ankadutsa pagalimotopo, n'kuipatsa moni ngati apongozi, n'kumapita.

Tsiku limene tenshona inafika, sipuling'i yake inandipulumuka m'manja, inauluka kupitirira Chongoni, inagwetsa kabawi m'mwamba, inadzagunda tala pano pa Chimbiya, dzenje lija mamini basi amalilambalala ndi langa, kenako inabwerera n'kukadzikhazika yokha pamalo pake. Mukumva? Ndinakoleka lamba, ndinazunguza injini ndi dzanja, zizindikiro za laimu zija zinakumana ndendende. Nditailiza, inali chete moti unkamva nyerere zikuyenda pa boneti. Kuti udziwe kuti ikulira, unkachita kuikapo dzanja.

Koma nthawi imeneyo anaMaseko anali atagona m'nyumba. Chifuwa chinawagwira mvula ili mkati, tsiku lina atanyowa pochokera ku tchalitchi. Ndinalowa manja ali bii ndi oilo.

"Mwailiza?" anandifunsa.

"Ikulira, mayi."

"Ine sindikuimva."

"Injini yabwino imatero."

"Chabwino. Lamulungu mundichapire mpando, nkhuku zija zinaonongapo."

Mpandowo ndinachapa. Lamulungu sanalione.

Anapita ku tchalitchi pa pikapu yawo, inde, lonjezo ndinasunga, koma anakwera kumbuyo, m'bokosi, amayi a m'bungwe lawo atawazungulira akuimba. Amayi omwe aja ankawafunsa za ine. Injini sinatsokomole olo pa chitunda, ndipo ndinamva nyimbo iliyonse, liwu lililonse, mpaka kufwenthera kwa Tereza. Ndinkapempha mumtima kuti ilire ngati mbuzi muja inkachitira, indigonthetse makutu. Inakana. Ndinali nditaikonza bwino kwambiri.

Sekani za phiri, a Jere, sekani za tambala. Koma mukadzafika kwathu mudzaone pa mtengo wa mapichesi: lamba wakale ndi kagudumu kakale zili pa msomali umodzi, zinachoka limodzi monga mwa lamulo. Amene anachotsa anaMaseko n'kusiya ine, ameneyo sanaphunzire ku Joni.

Kagudumu kakale kaja ndimakakhudza ndi chala m'mawa uliwonse. Kakuzungulirabe bwinobwino. Kakanatifikitsa ku Misa.