Khadi Lalikulu la Amalume

Ndinayambitsa ndine, sindikana. Koma musanandiweruze ngati mmene anachitira a kwathu, mumve kaye zimene amalume aang'ono anandichita, chifukwa mpaka lero ndikazikumbukira mtima umawira.

Achemwali anga a Tisa anali ndi chinkhoswe kunyumba kwathu ku Kapata. Amalumewo anali atangogula kamera yakale kwa mnzawo wa ku Lusaka, ndipo analengeza kuti wojambula ndi iwo basi. Kamerayo inabwera yopanda memori khadi, ndiye anandituma m'tauni.

Ntchitoyo ndinaigwira ndi mtima wonse. Bambo wina wa shopu ya mafoni anandifotokozera modekha kuti khadi saliona thupi, amaona manambala: ina imanena kuchuluka kwa zimene lingasunge, ina liwiro lake, ndipo vidiyo imafuna lachangu. Anandisankhira kakhadi konga chikhadabo, ndi kachikwama kake kolowetsera m'kamera.

Amalume anaika kakhadiko pachikhatho, n'kuitana azimayi onse amene ankasankha mpunga pakhonde kuti adzaone. Akuti ndawagulira nthanga ya dzungu. Akuti giredi leveni yanga yathera pa kumeta tsitsi m'mbali. Ndipo (apa ndi pamene pamandipweteka) anafunsa pamaso pa Chikondi, mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe, ngati ndinasiya kukodza pamphasa. Anthu anaseka. Chikondi anaseka kuposa onse.

"Ndikufuna khadi lalikulu, looneka ndi maso," anatero amalume. "Chinkhoswe chonse chingalowe m'kanthu aka?"

Chabwino. M'dirowa ya atate munali khadi la kamera imene inafa ndili ku pulayimale. Thupi lalikulu ndithu, koma mimba ngati ya mpheta. Ndinalipukuta ndi malaya, n'kupereka ndi manja awiri. Amalume analiyeza kulemera m'dzanja, anagwedeza mutu, n'kunena kuti tsopano ndayamba kukula.

Tsiku litafika analetsa aliyense kujambula ndi foni, akuti mafoni amasokoneza ntchito ya akatswiri. Kenako anayamba. Anajambula mbuzi isanaphedwe. Anajambula mipando yopanda anthu. Anajambula abusa akutsika njinga yamoto, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ine ndili pansi pa mtengo wa mango, phee.

Mwambo wake mukuudziwa: mkwatibwi weniweni satuluka poyamba. Amayamba atulutsa ena atawafunditsa chitenje kumutu, akuchimuna n'kumavundukula ndi kukana kuti si ameneyu. Woyamba anali msuweni wathu, amalume anamujambula mpaka kugwada pansi. Achiwiri anali agogo ena a ku Tamanda opanda mano, anthu anafa nacho chiseko, amalume anatenga vidiyo yonse. Tsono nyimbo inasintha, nthungululu zinakwera, achemwali anatuluka pang'onopang'ono. Azakhali a mwamuna anagwira nsonga ya chitenje. Amalume anadina. Kamera inangolira kamodzi, n'kulemba kuti khadi ladzaza.

Anadinanso. Anaigwedeza. Anaiuzira mpweya ngati mbaula. Chitenje chinachoka, achemwali akumwetulira molunjika kamera, misozi ili lengelenge, amalume ali kalikiliki kufufuta zithunzi za mipando m'kamera. Atamaliza anapempha azakhali aja kuti amufunditsenso mkwatibwi. Mayiyo anawayang'ana kuyambira kunsapato, n'kuyankha kuti mkwatibwi si mphika woti uzivundikira ndi kuvundukula.

Alendo atangochoka nkhani inaululika, chifukwa atate analizindikira khadi lawo. Amayi anakalipa mpaka mawu anasasa. Amalume anavula lamba, buluku n'kuyamba kutsika, anamanganso (sindinaseke, Mulungu ndi mboni, ndinangotsokomola). Ine ndinanena zoona zokhazokha, kuti anapempha lalikulu ndipo ndinawapatsa lalikulu, labwino lija analiponya okha pamwamba pa kabati. Ananditcha wamwano. Ine wamwano, osati munthu wamkulu wonyoza mwana wa mlongo wake pagulu.

Kenako analowa achemwali, akadali ndi mikanda yawo m'khosi.

"Iwe, pa chinkhoswe changa pali chithunzi cha mbuzi ndi cha agogo. Nanga ine ndili pati?"

Ndinawauza kuti akafunse munthu amene analetsa mafoni. Anandigenda ndi nsapato, inapeza chitseko.

Chilango changa chinali kutsuka miphika yonse imene tinabwereka kutchalitchi, ndekha, n'kukaibweza pa wilibala. Amalume ndi amene anagamula, akuganiza kuti andimaliza. Sanatsukepo mphika wa paphwando chibadwire, sadziwa kuti pansi pake pamatsala nkhoko za mpunga, msuzi wogwira, mwinanso nthutumba ya nkhuku imene ogawa sanaione. Ndinakhala kuseri kwa nyumba ndi supuni, mphika ndi mphika, osafulumira.

Amayi atabwera kudzafunsa ngati ndaphunzirapo kanthu, ndinangovomera ndi mutu. Kuyankha sikukanatheka, m'kamwa munali modzaza.