Mmene Ndinakwechera Malimu a Galimoto ya Alamu Anga

Mpaka lero, galimoto ya alamu anga ikangomveka kumtunda kwa mudzi, mkazi wanga amayamba wabisa waya wotsukira mapoto, kenako n'kutuluka kukalonjera mlendo. Sindimuimba mlandu, ndipo mukamva nkhaniyi inunso simumuimba.

Ine ndine mkamwini kuno ku Bembeke. Ndalima kachewere m'munda wa apongozi mpaka msana kupindika, koma mtima unali kwathu ku Kasina, kumene munda wa malemu mayi anga unkangomera tchire. Ndinkafuna chitengwa, nditenge mkazi ndi ana tikakhale kwathu. Wovomereza zimenezi anali mmodzi yekha, a Gerevazio, mlongo wake wa mkazi wanga, mwini mbumba, amene amagwira ntchito ku Joni. Atabwera kutchuthi anandiuza kuti nkhani yanga tidzaikamba Lamulungu tikachoka ku Misa.

Anabwera pa galimoto yofiira, yotsika mimba ngati bakha, yolira mwakuti nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe. Malimu ake, zitsulo zija zovalapo matayala, anali bii. Atangotsika anapititsa chala pa limu lakutsogolo n'kundionetsa chitada. Anati limenelo ndi fumbi la mabuleki: ukaponda, mapadi amakhulana ndi chitsulo, fumbi n'kumatuluka ndi kukakamira pa malimu ngati mwaye, ndipo zitunda zathu zino zawonjezera vutolo. Anatinso likakhalitsa limadya limu, kuti pakufunika mapadi ena osatulutsa fumbi lambiri, komanso kuti sopo wake wapadera anamuiwala ku Joni. Ine ndinkangogwedeza mutu ngati makaniko, koma pa zonsezo ndinatolapo mawu amodzi okha, mwaye.

Mwaye ndiye ndimaudziwa. Ndinaona kuti mwayi wosangalatsa mwini mbumba wadzibweretsa wokha pakhomo.

Lamulungu m'mawa onse ananyamuka wapansi, poti msewu wa kutchalitchi uli ndi mabampu oti bakha uja sangadutse. Ine ndinati ndili ndi chimfine (inde, ndinajomba Misa ndi bodza, ndipo malipiro ake sanachedwe). Atangobisika kuseri kwa mitengo ya mapichesi, ndinatulutsa beseni.

Ndinayamba bwino, ndi madzi ndi sopo. Fumbi linachoka, madzi n'kuda, koma limu linali likadali bii, kungoti tsopano likunyezimira. Munthu wanzeru akanalekera pomwepo. Ine ndinati uwu ndi mwaye wakalekale, wochokera ku Joni komwe, sungamve sopo. Ndinatapa phulusa kukhitchini, silinathandize. Ndinatsikira kudambo kukatapa mchenga, ndi kutenga waya wa mapoto uja. Nditakwecha mpaka thukuta kutuluka m'chisanu cha kuno, panaoneka kamzere koyera mbee.

Ndinadabwa kwambiri. Munthu wa ku Joni, wa nsapato zosongoka, kumayenda ndi litsiro lochindikala chonchi osadziwa kuti pansi pake pali siliva! Ndinawamvera chisoni (taganizani, ine kumvera chisoni iwo). Ndinakwecha limu loyamba lonse, lachiwiri, lachitatu, zala kuchita matuza, ndikuimba nyimbo ya Misa imene ndinajombayo.

Apa ndi pomwe nzeru zinandichulukira. Alamu sanadandaule za kutsuka kokha, ankafuna fumbilo lisamakakamire. Nanga mkazi wanga amatani kuti mwaye usagwire mpoto? Amaumata kunsi ndi dothi losakaniza phulusa asanauteleke, ndipo potsuka mwaye umachokera limodzi ndi dothilo. Ndinakumba dothi la pachulu, kulikanda bwinobwino, n'kumata malimu atatu aja, kupisa dzanja mpaka m'kati. Ndinasalaza ngati ndikuzira khonde. Ndinali nditangogwada pa tayala lachinayi pamene ndinamva mawu a anthu akubwera.

A Gerevazio anaima chilili, korona n'kuwapulumuka m'manja. Sanakalipe. Ananjuta pa tayala lakutsogolo ndi suti yawo, kupala dothi ndi chikhadabo, n'kuyang'anitsitsa chitsulo chokandikakandika chija.

“Alamu,” anatero motsitsa mawu, “penti ili kuti?”

“Penti yake iti, alamu?”

Mkazi wanga anagwira pakamwa. Apongozi anatembenuka n'kulowa m'nyumba.

Anandifotokozera pang'onopang'ono, ngati akuuza wodwala, kuti malimuwo ndi akuda chipangidwire, kuti penti yake ndi yochita kuwotcha mu uvuni ndipo anachita kuitanitsa, komanso kuti fumbi lenilenilo linali litatha pa beseni loyamba lija. Ndinayang'ana tayala lachinayi, lakuda bwino, losalala. Ndinayang'ana atatu anga omata ngati makola a nkhunda. Chimfine chonamizira chija ndinachilakalaka chitakhala malungo enieni oti andinyamule.

Pofuna kudzipulumutsa ndinati komabe fumbi silikakamiranso. Mkazi wanga anandiponda phazi.

Madzulo ake tinakhala pakhonde monga tinapanganira. Ine maso anali pansi. Alamu anayamba ndi kunena kuti za galimoto zatha, chitsulo si munthu, ndipo mtima wanga unayamba kubwerera m'malo. Kenako anapitiriza.

“Ine ndinachoka ku Joni nditavomera kale, amayinso ndinali nditawauza. Koma alamu, takusiyani nokha Misa imodzi yokha, mwachita izi. Ndiye mlongo wanga apite nanu ku Kasina, kopanda wokuyang'anirani? Ayi, khalani pompano pamene anthu akukuonani.”

Chinthu chinali kale m'manja mwanga, ine n'kuchikwecha ndi mchenga. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti mkazi wanga, amene ndinkayembekeza kuti andiikira kumbuyo, anangoti achimwene anena zoona.

M'mawa mwake anandiitana n'kundipatsa waya uja m'manja. Anati nditsuke dothi lonse, kenako ndimalize tayala lachinayi kuti onse afanane, poti sangayende ndi galimoto ya mawangamawanga. Ndinalikwecha iwo ataima pambali, manja m'thumba, akuyang'ana kuphiri.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ine ndinalidya ndi njuchi zomwe. Ndikadali ku Bembeke, munda wa ku Kasina akulima ndi msuweni wanga. Koma pakati pa inu ndi ine, siliva uja ankaoneka bwino kuposa zakuda zija. Ndinayesa kumuuza mkazi wanga zimenezi, iye anati poti luso ndili nalo lisaonongeke, ndipo kuyambira tsiku limenelo mapoto a m'nyumba muno ndimakwecha ndine.