A Elifala ndi Galimoto Yogogoda ya a Tcheyamani

Amene munakhalako pa Kasakula zaka za m'ma 1970 mukukumbuka kuti malemu a Elifala, makaniko wathu, sankamvetsera galimoto itaima. Ankati yoima ndi yabodza, imadzigwira ngati mkamwini pamaso pa apongozi. Ukawadandaulira kuti yako ikugogoda ukaponda mafuta, ankavula nsapato, kukwera pa boneti, kugona chafufumimba khutu lili pachitsulo, n'kukuwa kuti, "Tiyeni kuchitunda! Pondani!" Chimene amvacho ankachilengeza ali pomwepo, ndi mawu omveka mpaka kuchigayo.

Tsiku lina anagona pa boneti ya galimoto ya a Sidik a golosale. Itangoyamba kukwera, injini inalira ngetengete ngati misomali m'chitini.

"Yamwa parafini iyi!" anakuwa a Elifala. "Ndani akupopa petulo n'kuthiramo parafini?"

Dalaivala wa a Sidik anangokoka buleki, kutsika, n'kulowa m'munda wa fodya. Chipewa chake adachitola ndi ana.

Koma musaganize kuti ankalasa nthawi zonse. A Asani, ogula mtedza, a Elifala anawaphwasulira injini yonse, zitsulo mbwee pamphasa, mabawuti m'mbale ya ndiwo. Pomaliza zinadziwika kuti chinkagogoda chinali jeke yomwe inkagubuduka pansi pa mpando.

"Nanga injini yanga mwaiphera chiyani?" anafunsa a Asani manja ali m'mutu.

"Nayonso imafuna kupitidwa mphepo, achimwene."

Tinkaseka. Koma zaka zimenezo kuseka kunali ndi malire ake. Pachipata cha msika pankaima anyamata a chipani a malaya ofiira, kufunsa makadi, ndipo ankamva ngakhale zimene sunanene.

Loweruka lina, tsiku la msika, kunabwera a Andreya, tcheyamani wa chipani kudera kwathu, pagalimoto yobiriwira ya chipani. Inkayendetsedwa ndi Yoswa, mnzanga amene tinakulira limodzi. Mawa lake inkayenera kunyamula amayi okavina kumsonkhano ku boma, koma Yoswa akangoponda mafuta pansi pankamveka gu! gu! gu!

A Elifala anavula nsapato n'kukwera. Galimoto inanyamuka kudutsa pakati pa msika, anthu akupatuka ndi madengu awo.

"Pondani!"

Gu! gu! gu!

"Eee, yakalamba iyi!" anakuwa. "Vuto ndi mutu! Mutu watha ntchito! Ungodya mafuta a anthu! Chotsani muike wina!"

Iwo ankanena mutu wa injini, chitsulo chapamwamba chija. Tonse tinkadziwa zimenezo. Koma msika wonse unangoti zii. Mayi wina wogulitsa tomato ananyamula dengu n'kumapita osayang'ana m'mbuyo. Anyamata a malaya ofiira anayang'anizana. A Andreya, amene sanali munthu woipa mtima kwenikweni, sakanachitira mwina koma kufunsa, chifukwa akanakhala chete mlandu ukanagwera iwowo.

"Mwati mutu wa ndani, a Elifala?"

"Wa iyi yomwe mwakwerayi, bwana. Kodi pali winanso wokalamba?"

Apo ndiye anadzimaliza.

Mayi Faines, akazi awo, anathamanga kuchokera kumjigo chitenje chili m'manja. Anagwada m'fumbi pamaso pa a Andreya. "Bambo, awa ndi a zitsulo basi. Ngakhale wailesi kunyumba samvera." A Andreya anayang'ana kumbali. Ifenso tinangoyang'ana pansi.

Anyamata aja anamanga a Elifala manja ndi chingwe n'kuwakweza m'galimoto yomweyo. Zotsalazi anandiuza Yoswa patapita zaka, tili awiri kumunda. Akuti ali pachitunda china panjira ya ku boma, kugogoda kunakula mpaka giya inkadumpha m'manja. A Elifala anali atagonekedwa pansi kumbuyo, tsaya lili pachitsulo.

"Imani!" anakuwa. "Ndinalakwitsa! Si mutu ayi!"

Anyamata aja anaganiza kuti akupepesa. Koma iwo anapitiriza: "Ndi raba yomwe injini imakhalapo. Yaduka. Ukaponda mafuta injini ikudzuka n'kumenya chitsulo. Tikapitiriza tigwera kuphompho tonse."

Anawamasula manja. A Elifala anadula chidutswa cha tayala lakale, kukweza injini ndi jeke, kulowetsa chidutswacho, n'kumanga bawuti ndi waya. Kenaka anauza Yoswa kuti aponde. Galimoto inakwera mwakachetechete ngati yatsopano.

Yoswa akuti anawanong'oneza kuti, "Madala, tchire ili pafupi, thawani." Iwo anangopukuta manja pabuluku, nkhope ikuwala, n'kunena kuti, "Wamva mmene ikuyendera?" Atatero anapereka okha manja kuti awamangenso.

Mvula inagwa kangapo asanabwerere. Atabwera anali owonda, tsitsi lonse mbuu, khutu lakumanzere silinkamvanso. Sanatiuze kumene anali, ifenso sitinafunse. Ntchito anayambiranso, koma pa boneti sanakwerenso. Ankakhala pambali pa dalaivala, ndipo akamva vuto ankangoloza ndi chala, kapena kunong'ona utasendeza khutu pakamwa pawo. A Andreya anabwera ndi nkhuku tsiku lina. Mayi Faines anawabweza nayo ali pakhomo.

A Elifala anamwalira nthawi yokolola, asanaone zinthu zikusintha m'dziko. Bokosi lawo linanyamulidwa pagalimoto ya a Asani, ndipo a Asaniwo analira kuposa abale.

Pansi pa mtengo pomwe ankagwirira ntchito udzu sumera mpaka lero chifukwa cha oyilo. Galimoto ikavuta timaikankha kapena kuyitanitsa makaniko ku Ntchisi boma, anyamata aulemu amene amakuuza vuto mwapansipansi. Masiku ano pamsika munthu amatha kunena chilichonse mokweza. Koma ife amene tinayang'ana pansi Loweruka lija, nkhani ya a Elifala timayamba kuisimba tikuseka, ndipo ikafika pachingwe paja, aliyense amakumbukira kuti kunyumba akumudikira.