Droni Yanga Inabwerera Kwawo

Kumudzi kwa mkazi wanga, kufupi ndi Chipoka, kuli anthu amene mpaka lero sadziwa dzina langa lenileni. Ndikangotsika minibasi amati, "Afika apailoti," ndipo amanena mwaulemu ndithu, manja ali pamodzi, koma maso awo akuseka. Ine ndimayankha moni ngati sindikudziwa kumene dzinalo linachokera. Ndikudziwa bwino lomwe. Lero ndaganiza zongokuuzani ndekha, poti ena akamaifotokoza nkhaniyi amathiramo mchere wambiri.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu kokonzera mafoni pa boma la Salima (kakadalipo, kungoti maso ndi amene ayamba kundikana). Tsiku lina ndili ku ukwati wa mnzanga ndinaona wojambula wochokera ku Lilongwe akuulutsa kandege ka mapiko anayi, kaja amati droni. Anthu ankavina, ine khosi lili m'mwamba. Nditafunsa mtengo wake ndinangoseka n'kubwerera pampando wanga. Koma pobwerera kunyumba ndinadziuza kuti munthu amene amatsegula foni yakufa n'kuidzutsa sangalephere kupanga kachigayo kouluka.

Ndinayamba kuitanitsa zipangizo pa intaneti, chimodzichimodzi, monga mmene thumba linkalolera. Mamota anayi anafika m'dzinja. Mabatire anafika anthu atakolola. Kabongo kake, kaja kamene kamalamula mamota kuti asamakangane, kanasochera m'njira mpaka ndinakaiwala, kenako kanangotulukira. Mikono ya droni ndinadula ku zitsulo za aluminiyamu zotsala pa mawindo, miyendo ndinapanga ndi paipi ya madzi. Pakati pankafunika kanthu kafulati, kolimba koma kopepuka, ndipo ndinakapeza kukhitchini: thireyi ya pulasitiki ya maluwa ofiira imene mkazi wanga Nambewe ankaperekera tiyi kwa alendo. (Ndinamuuza kuti ndabwereka. Sindinamuuze kuti ndaiboola.)

Ndinakaiyesa koyamba pabwalo la mpira, m'mawa anthu asanachuluke. Palibe amene anandiuza (kapena zinalembedwa, ine sindinawerenge) kuti mapiko anayiwo si ofanana: awiri amazungulira chakumanja, awiri chakumanzere. Ine ndinangomanga mmene ndinatolera. Nditakankha kandodo ka pa rimoti, droni inadzuka mbali imodzi, n'kugwa chagada, n'kuyamba kutchetcha kapinga ikubwera kumene ndinaima. Chipsera chili pamsongolo mpaka lero. Nambewe ananditsuka balalo, atamaliza kumanga anafunsa ngati thireyi yake yavulalanso.

Koma tsiku linafika limene inauluka. Inadzuka bwinobwino, n'kuima m'malere ikulira ngati njuchi zasokonezedwa, maluwa ofiira a thireyi akuwala padzuwa. Sindinama, misozi inalengeza. Pansi pake ndinamangapo kamera yoyang'ana pansi, ndipo zimene inkaona zinkabwera pa kasikirini kamene ndinkagwira m'manja. Chimene ndinkanyadira koposa ndi nzeru ina imene ndinaiphunzitsa. Ikapita kutali n'kusiya kumva rimoti, inkakwera m'mwamba, n'kutembenuka, n'kubwerera yokha pamalo pamene ndinailizira koyamba nditangolumikiza batire, n'kutera pang'onopang'ono. Aliyense wobwera kushopu ndinkamuuza kuti droni yanga imadziwa kwawo kuposa amuna ena.

Apa ndikuuzeni za apongozi anga aamuna, a Mbewe. Anali msodzi wakalekale, mkulu wa mpingo, munthu wa mawu ochepa. Nyengo ya usodzi ku chilumba cha Mbenji ikatsegulidwa ankapita ndi ana awo n'kukakhala komweko miyezi. Ine ndi iwo tinkalemekezana ulemu wakale uja: tikakumana panjira ndinkapatuka n'kunyonyomala, sitinkadyera pamodzi, ndipo macheza athu ankayambira pa mvula n'kuthera pa mphepo. Tadala, mwana wathu woyamba, anali atayamba kale sukulu, koma ine ndinali ndisanamvepo apongozi akuseka. Mumtima ndinkadziwa kuti kwa iwo munthu wosadziwa kupalasa bwato, wongokhalira kusuzumira m'mafoni a anthu, anali mkamwini wongomupirira.

Chaka chimenecho anakhomitsa boti latsopano la matabwa. Ankati ndi lomaliza, losiyira ana, ndipo anakonza zoti abusa adzalipempherere lisanalowe m'madzi. Ine ndinaona kuti mwayi wanga ndi umenewu. Ndinatuma Nambewe kuti akawauze kuti ndidzajambula mwambo wonse kuchokera kumwamba. Yankho linabwera lalifupi: bola isagwere munthu.

Linali Loweruka m'mawa, nyanja ili phee. Apongozi anali atadzukira kugombe kuyala mitengo yotsetserekerapo boti, thupi lonse lili mchenga ndi penti. Ine, poopa kudzachita manyazi pagulu, ndinazembera kuseri kwa nyumba yawo kuti ndiyese kaye zonse ndili ndekha. Ndinapeza kamalo kabata pafupi ndi bafa, bafa lakumudzi lija, mpanda wa mabango, pansi miyala, pamwamba pali pululu. Ndinaika droni pamwala wa pakhomo la bafalo, n'kulumikiza batire, n'kuliza mamota pang'ono. Zonse zinali bwino. Ndinainyamula osachotsa batire n'kutsetsereka nayo kugombe, ndikuyenda ngati dokotala. Panjira ndinakumana ndi apongozi akukwera kunyumba, ndipo ndinapatuka monga mwa nthawi zonse. Anati akukasamba kuti avale jekete, abusa afika kale.

Kugombe anthu anali atadzaza. Amayi a kumpingo atavala zoyera anakhala pamchenga, asodzi anaima mozungulira boti, abusa anawapatsa mpando pamthunzi. Popeza mwini mwambo anali asanabwere, ndinaganiza zowasangalatsako anthu. Kasikirini ndinawapatsa abusa kuti agwire, apongozi aakazi ndi amayi ena n'kuwaunjirira kumbuyo.

Mphindi zimene zinatsatirazo ndimazikumbukira ndi mtima wonse, ndipo palibe amene angandilande. Droni itakwera, anthu amene anabadwira pagombe limenelo analiona koyamba mmene mbalame zimalionera. Mabwato anali ngati timitengo ta machesi. Matandala oyanikapo usipa ankanyezimira ngati malata atsopano. Madzi amene tonse tinkati ndi amtundu umodzi anaoneka obiriwira m'mphepete, n'kumka nada chakuya. Njanji inadutsa ngati ulusi. Mayi wina anazindikira nyumba yake n'kudandaula kuti sankadziwa kuti denga lake lapendekeka chonchija. Wina anaona mbuzi zake zili m'dimba la mnzake, n'kungokhala chete. Apongozi aakazi anandiyang'ana n'kugwedeza mutu movomereza, ndipo ine ndinamva ngati ndatalika.

Kutalikako ndi kumene kunandipweteka. Msodzi wina anafunsa ngati ingafike ku Mbenji. Yankho loona linali lakuti ayi, ngakhale itapemphereredwa. Koma ine ndinati tiyeni tione, n'kuilozetsa kunyanja. Inapita, inapita, mpaka inasanduka kadontho. Kenako rimoti inalira kusonyeza kuti sakumvananso. Anthu anayamba kung'ung'udza kuti yapita imeneyo, ikadyedwa ndi kampango. Ine ndinaika rimoti pansi, n'kupinda manja pachifuwa, n'kulengeza mokweza kuti aliyense aonetsetse, ibwera yokha.

Inabweradi. Kadontho kaja kanakula, kulira kwa njuchi kunamveka, anthu n'kuyamba kuwomba m'manja. Ndinasuntha pang'ono kuti ndiipatse malo oterapo. Inafika pamwamba pa mitu yathu, osaima. Inadutsa matandala, n'kudutsa mitengo ya mango, ikulunjika kumudzi ngati munthu amene waitanidwa.

Ndinali ndisanamvetse chimene chikuchitika pamene ndinamva abusa akufotokoza zimene ankaona pa kasikirini. Anati akuona denga la a Mbewe, akuona khola la nkhuku, akuona kampanda ka mabango. Kenako anasendeza magalasi n'kufunsa kuti kanthu kozungulira koyera pakati pa mpandapo n'chiyani, kodi ndi dzungu? Chithunzi chinkakulirakulira poti droni inali itayamba kutsika. Apongozi aakazi anasuzumira, n'kunena ndi mawu odekha ngati akuwerenga nyimbo:

"Si dzungu, abusa. Ndi bambo a kunyumba."

Abusa anavundikira kasikirini pachifuwa. Mayi wina wanzeru anayambitsa nyimbo, koma inatuluka yonjenjemera, ndipo ena ankaimba atabisa nkhope m'zitenje. Ine ndinatola rimoti n'kuyamba kuigwedeza (sindikudziwa kuti ndinkayembekezera chiyani), kenako ndinaliyatsa liwiro. Amene anathamangapo pamchenga atavala nsapato za ku tchalitchi akudziwa kuti miyendo imagwira ntchito koma munthu susuntha.

Nditafika kuseri kwa nyumba ndinaona thovu la sopo likuuluka pamwamba pa mpanda ngati thonje. Droni inali italowa kale mpaka m'khosi, mphepo ya mapiko ikugwedeza mabango. Ndinamva kuti phwaa, madzi a m'ndowa, kenako khoo, beseni, kenako chete. Tsopano inu ndiuzeni, mkamwini amatani pamenepo? Kulowa sungalowe. Kusuzumira sungasuzumire. Kuthawa, dziko lonse laona kuti chinthucho ndi chako. Ndinanyonyomala kunja kwa mpanda, n'kuwomba m'manja, n'kunena chinthu chokhacho chimene chinabwera m'mutu:

"Odi, apongozi."

Kenako mawu anatuluka, osakwiya, osakwera:

"Lowani, bambo a Tadala. Mnzanu walowa kale."

Sindinalowe. Patapita kamphindi dzanja linatulukira pamwamba pa mpanda litagwira droni mwendo umodzi, ikudontha madzi, thaulo litakulungika m'mapiko. Ndinailandira ndi manja awiri n'kuthokoza. Anandipempha, mwaulemu womwewo, kuti ngati sindikuligwiritsa ntchito ndiwabwezere thaulolo.

Mwambo unachitika. Apongozi anatsika atavala jekete, nkhope ili gwa, ndipo palibe amene anayerekeza kuwayang'ana kumutu. Abusa anandiuza patapita zaka kuti tsikulo anakonzekera kulalikira za diso limene limationa kuchokera kumwamba, koma anasintha ali chiimire n'kulalikira za asodzi oponya makoka. Boti linalowa m'madzi anthu akululutira. Ine ndinaonera zonse ndili kuseri kwa thandala, droni nditaifunditsa chitenje ngati maliro.

Kumudziko ndinasiya kupitako. Nambewe akamapita ndinkadwala mutu. Iye sanandikalipire, koma nthawi zina tili pakati pa kudya ankangoyamba kunjenjemera mapewa n'kutuluka panja.

Miyezi itapita, tsiku lina masana ndili kushopu ndinaona mthunzi pakhomo. Anali apongozi, okha, foni yawo yakale ili m'manja. Anati ikuvuta. Ndinaitsegula, ndinaiyesa, inalibe vuto lililonse. Anakhala pabenchi la makasitomala n'kufunsa za mvula. Kenako, akuyang'ana kumsewu, anafunsa ngati kamera ija inafa ndi zonse zimene inaona. Ndinafuna kunama, koma ndinavomera kuti zithunzi zinapulumuka, ndipo ndinafulumira kulumbira kuti chifukwa cha thovu ndi beseni, chimene chinaoneka ndi mutu ndi mapewa basi. Anati ndiwaonetse.

Anayang'ana nthawi yaitali, atayandikitsa nkhope pa kompyuta.

"Dazi limeneli ndi langa?" anafunsa. Ndinavomera. "Zaka zonsezi ndimayesa lili kutsogolo kokha. Mayi anu osandiuza."

Ndiye anaseka. Anaseka mpaka kutsokomola, akumenya bondo, misozi ili mbwee, ine n'kumaseka nawo mwamantha. Atapuma anati ndibwezere kumbuyo, akufuna aone zimene anzawo anaona iwo ali kubafa. Ndinakhala nawo pabenchi lomwelo, koyamba chikwatirireni mwana wawo. Anaona boti lawo lili pamchenga, anthu atalizungulira. Anandilozera mitengo ya mango imene anabzala ali mnyamata, malo amene panali nyumba ya amayi awo, ndi mwala wa m'madzi umene anaphunzirirapo kusambira, umene pa chithunzipo unkaoneka ngati kamthunzi chabe. Anati nyanja ayenda nayo moyo wawo wonse koma sankadziwa kuti ndi yokongola chonchi. Tinabwereza kanemayo mpaka makasitomala anatopa n'kumapita. Pochoka analowa mumsika n'kugula chipewa, ndipo sanachivulenso pagulu kupatula m'tchalitchi.

Kuyambira pamenepo akabwera pa boma ankadzera kushopu, foni yawo ikuvuta matenda osaoneka aja. Anatisiya zaka zingapo zapitazo. Boti lija likuyendabe ndi alamu anga, ndipo chithunzi chake cha kumwamba chili pakhoma m'nyumba ya apongozi aakazi. China chija ndinachisunga ndekha. Ndikawasowa ndimachitsegula: mutu wa thovu, maso ali m'mwamba, nkhope ya munthu amene akudabwa kuti kumwamba kwamutumizira chiyani.

Phunziro ndinalitola, loti chinthu chikamati chimadziwa kwawo, uyambe wachifunsa kuti kwawoko n'kuti. Kungoti pansi pa bedi pali katoni ya mamota atsopano, asanu ndi limodzi ulendo uno, ndipo Nambewe akuti tsiku loyesa ndidzanene msanga kuti mudzi wonse usambiretu. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi china. Mwana wathu wamkazi wabweretsa mnyamata woti akufuna kumanga naye banja, waulemu kwambiri, wopatuka panjira. Atangoona katoniyo maso ake anawala, n'kufunsa ngati ndingamuphunzitse. Ndamuuza kuti ndiganizira. Pakadali pano ndayamba ndafolera bafa langa ndi malata.