Tonde Amene Ankalankhulira a Malachy Devaney

Kuno ku Kilbrack mwamuna wosalankhula si wachilendo. Ambiri a ife mawu timawasunga ngati tidzawasiyira ana. Koma a Malachy Devaney anatiposa tonse. Pakamwa pawo, paokha, pankatuluka "eya" ndi "kaya" basi. Ukafuna kumva maganizo awo unkadikira alowetse mkono m'chidole.

Chidolecho chinali tonde wa ndevu zachikasu, wosokedwa kuchokera ku chikhoti chakale cha malemu amayi awo, dzina lake Gilhooly. Mkono ukangolowa, munthu yemwe uja ankasanduka wailesi yopanda pozimitsira. Tondeyo ankanyogodola ansembe, kufunsira akazi a eni, kuuza apolisi kuti anenepa, uku a Malachy ali phee pambali pake, makutu ali psuu, ngati nawonso akudabwa kuti nyama imeneyi inaleredwa ndi yani.

Ife tinkaseka. Amene anazisenza ndi akazi awo, a Nuala.

Anakumana ku dansi m'holo ya parishi, a Nuala akadali mtsikana wosoka madiresi kwa telala wina ku Sligo. Anangomva chinthu chikuwakoka bulauzi. Kucheuka, tonde.

"Chemwali," anatero tondeyo, "mnyamata ali kumbuyo kwangayu wakhala akukuyang'anani kuyambira Pasaka. Nsapato wapukuta, mano watsuka, ntchito alibe. Mukuti bwanji?"

"Ndikuti alankhule mwini wake."

"Mwini wake ndine. Iyeyu ndimangomubwereka mkono."

A Nuala anaseka, ndipo kuseka kumeneko ndi kumene kunawapachika. Ankaganiza kuti manyazi ndi kamatenda kochizika ndi supu wotentha ndi chaka chimodzi cha banja. Chimene ankafuna chinali chaching'ono: tsiku lina, tonde ali m'bokosi, amve pakamwa pa mwamunayo kuti amawafuna. Kamodzi kokha, ngakhale monong'ona.

Pa ukwati Bambo Horkan analetsa tonde kulowa m'tchalitchi. Itafika nthawi yofunsa mkwati, a Malachy anatsegula pakamwa, natseka, nagwedeza mutu. Wansembe anadikira. Anthu anayamba kutsokomola. Woimba limba anayamba kusenda lalanje. Potsiriza Bambo Horkan anati Mulungu wamva, tipitirize. Mwina Mulungu anamvadi. A Nuala sanamve kanthu.

Pasanapite nthawi, munthu wa ku wailesi ya kanema anamuona Gilhooly akutukwana oweruza pa chionetsero cha ng'ombe, n'kuwatengera onse atatu ku Dublin. Amene tinakula masiku amenewo tikudziwa chimene chinkachitika masana pulogalamu ya ana ikayandikira. Misewu inkangoti zii. Ng'ombe zinkadikira kukamidwa. Ine sukulu ndinkaithawa msanga kuti ndikapeze malo patsogolo pa kanema wa kwa a Tansey, mpaka tsiku lina ndinangoiwala kubwererako.

Zimene sitinkaona ndi zapansi pa tebulo. Tonde wotere munthu mmodzi samukwanitsa. A Malachy ankakhala tsonga pansi, mkono wamanja uli m'mutu mwa tonde, wamanzere uli m'mwendo umodzi wakutsogolo. Mwendo winawo unkafuna dzanja la munthu wina, ndipo munthu winayo anali a Nuala, atapindika ngati mpando wa m'holo, tsaya lili pa nthiti za amuna awo. Ankati akazi ena amadziwa mtima wa amuna awo, iwo amadziwa khwapa. Koma anazolowera mpaka nthitizo zikangokoka mpweya, ankadziwiratu ngati tonde aseka, akalipa kapena ayimba, dzanja lawo n'kunyamuka mawu asanatuluke.

Dziko lonse linkamudziwa Gilhooly. Ana ankamutumizira kabichi papositi, wina wofika atawola. Mlonda wa pageti la ku wailesiko ankamuvulira chipewa m'mawa uliwonse, kenako n'kutembenukira kwa a Malachy kuwafunsa kuti akufuna ndani. Zaka zonsezo nkhope yawo sinaonekepo pa kanema, kupatula tsiku lina pamene tebulo linagwa. Ana analira kuti kwabwera munthu wadazi kudzaba tonde.

Ku Dublin komweko ndi kumene dokotala anawauza kuti mwana sadzakhala naye. Pobwerera anakhala m'basi moyandikana, a Nuala akudikira. Ankati lero lokha alankhula, nkhani ngati iyi munthu sangaitumire mbuzi. Atafika kunyumba a Malachy anateleka ketulo, anazungulira tebulo, anayang'ana pawindo, kenako anatsegula bokosi.

"Mayi Devaney," anatero tonde, "musadandaule. Ana a dziko lonseli ndi athu, ndipo ubwino wake matewera amachapa ena."

A Nuala anaseka, chifukwa zinali zoseketsadi. Atatha kuseka anamulanda tondeyo, n'kukamutsekera m'kanyumba ka malasha, kiyi n'kuika m'thumba la epuloni. Anati tione ngati munthu angafe ndi mawu m'mimba.

Sanafe. Anangoti chete. Ankadya mbatata zawo, n'kuika mphanda pansi pang'onopang'ono kuti isalire. Akafuna mchere ankauyang'anitsitsa mpaka wina awapatse. A Nuala ankamva wotchi, mpope ukudontha, anansi akukangana kuseri kwa khoma, mpaka anayamba kuwasirira anansiwo. Mapeto ake anapita okha kukamutenga tonde, anamusasa malasha, anamusokerera diso limene linathothoka. Mawu oyamba a Gilhooly anali ofunsa ngati m'nyumba muno munagwa maliro iye kulibe.

Kenako ku wailesi kuja kunabwera mabwana achinyamata, ndi zithunzi zoyenda zogula kunja, zosadya, zosadwala msana. Anachita kaphwando kotsanzikana. Mphatso, wotchi yapakhoma, anapatsa tonde. A Malachy anawagwira chanza n'kuwatchula Michael.

Ndi mmene anabwerera kuno kwawo. Ife tinapindula, sindinama. Gilhooly anapeza mpando wake ku bala ya Packy Tansey, pafupi ndi moto, ndipo posakhalitsa anasanduka pakamwa pa tauni yonse. Ndiye anauza Packy kuti mowa wake wakuda wabatizidwa ndi madzi kuposa ana a m'parishi. Ndiye anauza Dinny Scanlon, mlimi wankhosa wa kuphiri, kuti chifuwa chakecho chikuthawitsa agalu, apite kuchipatala. Tonse tinkachimva chifuwacho koma tinkangokamba za mpira. Ana a Mulrooney, amene anasiya kulankhulana chifukwa cha mpanda, anawanyoza limodzi mpaka anagwirizana zomumenya, ndipo chiyambire pamenepo amayenda limodzi. Ngakhale kokalapa a Malachy ankapita naye. Bambo Horkan, atakalamba n'kutopa, anasiya kukana. Ankati machimo a tonde ndi okhawo osagonetsa tulo m'parishi muno, koma a Tikuoneni Maria ankawapereka kwa mwini mkono.

A Nuala ankabwera kudzawatenga bala isanatsekedwe. Tonde ankawalonjera ngati mfumukazi, kuwayamikira chipewa, kuwafunsa ngati anaganizapo zomusiya wadaziyu n'kuthawa ndi nyama yooneka bwino. Ife tinkagwa nako kuseka. Iwo ankamwetulira, maso ali pa amuna awo, osati pa tonde.

Sitiroko inawapeza a Malachy m'munda, akukumba mbatata. Inapha mkono wamanja, kuyambira paphewa mpaka kunsonga za zala. Dokotala wa ku Sligo anati achita mwayi, lilime silinakhudzidwe, angathe kulankhula ngati kale. A Nuala anamuyang'ana dokotalayo nthawi yaitali, n'kumuthokoza.

Mumtima, Mulungu awakhululukire, anali ndi kachiyembekezo. Tonde wagona m'bokosi, wom'dzutsa palibe, pothawira patha. Anawaikira mpando kukhitchini pafupi ndi mbaula, n'kumakhala nawo, akusenda, akusoka, akusiya dala mipata m'nkhani zawo kuti wina alowemo. Masamba anayoyoka, Khirisimasi inadutsa, nkhosa zinayamba kuswa. A Malachy ankati "eya". Nthawi zina "kaya". Ankaonda, maso ali pa bokosi.

Tsiku lina masana, atayanika zovala, a Nuala analowa n'kutsegula bokosi lija. Zaka zonsezo mkono wawo unali usanalowepo m'mutu mwa tondeyo. M'katimo munali motakasuka, mopyapyala pamene chala chachikulu cha amuna awo chinkakhuza. Anagwada pambali pa mpando, anaika tsaya pa nthiti zija monga kale, n'kumuimika tonde pakati pawo. Nthiti zinakoka mpweya. Dzanja la a Nuala linatsegula pakamwa pa tonde.

"Mayi Devaney," anatero Gilhooly, mawu atasasa, "manja anu ndi ozizira. Mumafuna mundiphe?"

"Ndili ndi funso, a Gilhooly. Si lanu, ndi la mnzanuyo."

"Ameneyo sayankha mafunso. Anayesa pa ukwati, munaona nokha."

"Mufunseni. Mkazi uyu anamufunapo, kapena ankangofuna dzanja lachitatu?"

Nthiti zinaima. Kenako zinakoka mpweya wautali, umene a Nuala anali asanaumvepo pa nthabwala iliyonse.

"Mayi," anatero tonde, motsitsa, "munthu ameneyu kuyambira tsiku la dansi lija..."

A Nuala anasolola mkono. Tonde anagwera pamiyendo pawo ngati chikhoti chakale chimene anali.

"Malizani nokha, bambo. Ndi pang'ono patsala."

A Malachy anawayang'ana. Milomo inayenda. A Nuala sanaphethire, sanawathandize, ngakhale mawu otsalawo ankawadziwa. Maso a amuna awo anachoka pa iwo n'kupita pawindo.

"Nuala," anatero. "Zovala zinyowa."

Mvula inali itayambadi. A Nuala anadzuka, anatenga dengu, n'kupita kukaanula. Anakhalitsa kunjako kuposa mmene zovala zinkafunira. Tonde sanamutulutsenso, ndipo a Malachy sanapemphe. Anamwalira Pasaka isanafike, pampando womwewo.

Maliro ngati amenewo sitinawaonepo kuno. Nyuzipepala inalemba, ndi chithunzi cha tonde. Magalimoto anadzaza msewu mpaka kumlatho. Azibambo a imvi, amimba zawo, anachokera ku Cork, ku Donegal, ena ku Ingalande. Monga mwa mwambo, thupi linagona kunyumba, wotchi itaimitsidwa, galasi litaphimbidwa, tiyi ndi masangweji zikuyenda. Packy, pofuna kuchita zabwino, anamukhazika Gilhooly pa kabati. Mzere wa anthu unkalowa, kudutsa bokosi la maliro mofulumira ndi kachizindikiro ka mtanda, n'kukaima pa kabati. Kumeneko ndiye ankalira, kumugwira ndevu, kujambulitsa. Mayi wina wa ku Limerick anagwira a Nuala dzanja n'kuwafunsa mwaulemu ngati malemuwa anali achibale a amene ankapanga mawu a tonde.

Kunabweranso mnyamata wa tayi wochokera kunyumba yosungira zakale ku Dublin, kudzapempha kuti Gilhooly akakhale m'galasi. A Nuala anamupatsa sangweji n'kumusonyeza khomo.

Itakwana nthawi yotseka bokosi, anthu anaikamo zimene timaika: korona yopempherera m'manja, chipewa chawo, kabotolo kakang'ono. Packy anamutsitsa tonde pa kabati n'kubwera naye.

"Alamu," anatero, "alowe naye. Kumwambako kuli mafunso. Popanda uyu akayankha chiyani?"

Tonse tinavomereza ndi mitu. Zinali zanzeru, ndipo Packy zanzeru sizimugwera kawirikawiri. A Nuala anamulandira tondeyo, anayang'ana nkhope ya amuna awo, n'kumupanira m'khwapa.

"Akayankhe okha," anatero. "Tsekani."

Anatseka.

Chiyambire, Kilbrack yabwerera mwakale. Ku bala kwa Packy timakhala mondondozana, aliyense ndi tambula yake, n'kumagwirizana kuti kunja kwazizira. Mowa wabwerera ku ubatizo, ndipo timamwa osadandaula. Dinny Scanlon wayambanso kutsokomola, koipa kuposa kale, ife tayambanso kukamba za mpira. Mpando wa pafupi ndi moto palibe amaukhala, palibenso amanena chifukwa chake. Ana a masiku ano ukawatchulira Gilhooly amafunsa kuti amapezeka pa foni iti.

A Nuala anangolankhulapo kamodzi. Anakumana ndi Packy pakhomo pa positi, ndipo m'malo mwa moni anamufunsa ngati akuganiza kuti munthu uja analowa kumwamba kuja, kapena akadali chilili pakhomo, chipewa m'manja, akutsegula pakamwa n'kutseka. Packy anati kaya.

Lamlungu lililonse ikatha Misa, a Nuala amakwera kumanda ndi chikwama chawo chogulira zinthu, nyanga ziwiri zitatulukira pamwamba. Ena amati m'thumba la chikhoti mumakhala kafosholo ka m'dimba. Amaima pamanda paja, nthawi zina mpaka mvula kuwathamangitsa. Kenako amatsika, nyanga zija zili momwemo. Amadutsa pawindo la bala, ife tonse tikuona, aliyense akudziwa kuti pakufunika wina atuluke akawauze kanthu, kaya kuti musiyeni kumeneko, kaya kuti bwerani mudzakhale pamoto. Timayang'ana m'matambula mpaka adutse. Woti akananena ali m'chikwamamo.