Hutala Waulemu ku Karen

Nkhani iyi ndaibisa pafupifupi chaka chathunthu chifukwa cha manyazi. Ndiinena monga momwe inachitikira, osawonjezera kanthu, poti payokha ndi yokwana.

Ku ofesi kwathu kuno ku Nairobi, munthu sapatsidwa galimoto ya bungwe asanayesedwe ndi a Mwangi, mkulu wa zamayendedwe. Mwayi wake ndi umodzi pachaka. Ine ndinali nditatha zaka ziwiri ndikupanikizika mu matatu, maminibasi a kuno, kuchokera ku Kasarani, laputopu pamiyendo, chigongono cha munthu m'nthiti. Tsiku la mayesolo ndinavala ndi tayi yemwe.

Pa Waiyaki Way ndinayenda bwino. Pa Kangemi ma boda boda, njinga zamoto zakabaza, anandizinga mbali zonse, ine osakhudza ndi imodzi yomwe. A Mwangi ankangochonga papepala lawo.

Titalowa m'misewu yachete ya ku Karen, tinapeza mahatchi awiri akuyenda m'mbali mwa msewu. Pa ina panakwera mayi wachikulire, pa inayo bambo wa magalasi.

Tsono ine galimoto ndinaphunzirira pamsewu wa ku Mchinji. Kumeneko ukadutsa ngolo kapena wakabaza osaliza hutala, ndiwe wamwano. Mnzako umamudziwitsa kuti ukubwera. Ndinaliza kawiri, mofatsa.

Hatchi ya bamboyo inaimika makutu n'kuyamba kuvinira cham'mbali. Mayi aja anatembenuka, natambasula dzanja, kumalikweza ndi kulitsitsa.

"Pole pole, Bwana Chirwa," anatero a Mwangi. "Akuti muchepetse liwiro. Adutseni patali, mwakachetechete."

Liwiro ndinachepetsadi. Koma ndinaona kuti anthuwo ndawakhumudwitsa, ndipo kwathu dalaivala akalakwa amapepesanso ndi hutala. Dzanja linapita lokha. Kamodzi basi, kakafupi.

Hatchi ija inaima ndi miyendo iwiri. Bamboyo anatsetsereka pang'onopang'ono chakumchira, mpaka anakakhala pansi m'ngalande yamatope.

"Zimitsani injini," anatero a Mwangi. "Musakhudzenso chilichonse."

Ndikanangomvera. Koma munthu wagwa chifukwa cha ine, ndingokhala phee pafupi ndi hatchi yolusa? Ndinaika livesi kuti ndiitalikire. Ndinaiwala kuti galimoto za bungwe lathu zikamabwerera m'mbuyo zimalira zokha: pii, pii, pii.

Hatchi inalumpha ngalande, n'kuboola mpanda wa maluwa wa eni ake, ulendo. Mayi aja anaitsatira pa hatchi yawo, akundiponyera mawu amene sindinawapezepo m'buku lililonse lomwe ndinawerenga.

Ndinatsika. Ndinanjuta m'mphepete mwa ngalande monga tinaleredwera, n'kupepesa m'Chingerezi, m'Chiswahili changa chogulira tomato, mpaka m'Chichewa.

"Kwathu timaliza hutala polemekeza, bwana. Ng'ombe sizidandaula."

Bamboyo sanavulale. Anavula magalasi, nawapukuta matope ndi chala, nawavalanso, kenako anandiyang'ana nthawi yaitali. Anayang'ananso tayi yanga.

"Kodi alipo munthu amene anakulolani kuyendetsa galimoto imeneyi?"

"Palibe, bwana," anayankha a Mwangi kumbuyo kwanga, akutseka cholembera. "Nkhani imeneyo tangoimaliza kumene."

Pobwerera anayendetsa ndi iwo, ine ndili pampando wakumbuyo, manja atandiuza kuti ndiwaike pamawondo. Mayeso ena ndi mwezi wamawa, ndipo andiuza kale kuti tidzadzera njira yomweyo. Sindikuyembekezera zabwino.

Ulemu wakwanu, uziyamba wafunsa ngati hatchi ikuudziwa.