Viza Yosokeredwa m'Pilo

Munthu akamakuuzani kuti walota zabwino, muzimufunsa kaye chimene watsamira. Ine ndinalota zokoma mwezi wathunthu, osadziwa kuti mutu wanga uli pamwamba pa tsoka.

Nkhani yake ili chonchi. Ndinapeza malo pa yunivesite ina ku Ulaya, maphunziro a zamadzi, zonse zolipiridwa. Ine, mtsikana wa ku Kalingalinga mu Lusaka, wokulira m'phokoso la owotcherera mageti ndi fungo la utuchi! Asukulu ananenetsa chinthu chimodzi: ndikafike maphunziro asanayambe, apo ayi chaka chimenecho ndiiwale.

Tsiku lokatenga pasipoti ku ofesi ya maviza ndinapita ndi amayi anga, amene timawatchula ba Mayo poti kwawo ndi kumpoto. Mtsikana wa pawindo anandipatsira envulopu yomata n'kunena kuti, "Segulani muone ngati vonse vili bwino mukalibe kuyenda." Chala changa chisanafike pakona ya envulopu, ba Mayo anaitsomphola n'kuilowetsa m'chitenje.

"Pano? Pamenso pa bantu bonse aba?" ananong'ona. "Iwe, ulendo sitionesa. Uzaona pa siku yake."

Kwathu ulendo waukulu uli ngati mimba, sulengeza, anthu amangoona okha. Ba Mayo amati nsanje ili ndi manja aatali, ndipo akayamba kutchula ana a eni amene maulendo awo anafera pakamwa, mutha kutereka nyemba mpaka kupsa. Titafika kunyumba anang'amba pilo wanga, n'kuikamo envulopu ija, n'kusoka ndi ulusi wosokera masaka. Kenako anapemphera mpaka mawondo anga kuwawa. (Musandione ngati wosalakwa. Amene anawalowetsera ulusi pasingano ndine, munthu wopita kukaphunzira sayansi.)

Abale, masiku amenewo ndinkakhala ku Lusaka ndi thupi lokha. Masana kukatentha ndinkatsamira pilo uja, malata akulira ndi dzuwa, basi ndapita. Chisanu choyera ngati ufa chikugwa mwakachetechete, ine ndikuyenda pamlatho, mabuku ali pachifuwa. Nyundo za ba Yusufu, owotcherera a pafupi ndi kwathu, zinkasanduka mabelu a tchalitchi chakale. Fumbi la mumsewu linkasanduka nkhungu. Ndinagula chijasi chaubweya pa salaula, pamsika wa zovala zakale, ndipo ndinkachivala m'chipinda nditatseka chitseko, thukuta lili kamukamu, ndikuyeserera pagalasi kunjenjemera kwa munthu wozizidwa. Ndinali wosangalala moti ngakhale kondakitala wa minibasi atandiponda phazi, ndine ndinapepesa.

Chimodzi chokha chinkandisowetsa mtendere. M'maloto ena ndikalowa m'ndege ndinkapeza pampando wanga pakhala kale munthu, nkhope yake osaoneka bwino. Nditawauza ba Mayo, anaomba m'manja. "Ni mungelo uyo, akusungila malo!"

Kutatsala masiku ochepa kuti ndinyamuke, m'mawa wina ba Mayo anatseka makatani n'kumasula ulusi uja. Ndinang'amba envulopu n'kutsegula pasipoti. Viza inalimo, yonyezimira bwino. Dzina langa. Tsiku lobadwa langa. Koma pachithunzi panali bambo wachikulire, dazi lowala ngati mbale yotsuka kumene, ndevu zaimvi, akundiyang'ana ngati ndamudzutsa.

"Ni ndani uyu?" anafunsa ba Mayo.

"Ni mungelo wanu uja," ndinatero.

Anaiyandikiza kumaso, anaitalikitsa, anandiyang'ana ine, n'kuyang'ananso dazi lija. "Manje ukavala chisote, ukwinye nkhope pang'ono, bangazibe?"

Ndinawalanda pasipoti ija. Ndinathamanga kukakwera minibasi, mapatapata osiyana mitundu kumapazi (izi ndinaziona ndili kale pamzere). Pawindo ndinapeza mtsikana yemwe uja. Anayang'ana viza, anayang'ana ine, n'kuluma mlomo kuti asaseke.

"Iyi ni mistake yathu, pepani. Koma mwaiona liti?"

"Lelo."

"Mwezi wonse inali kuti?"

"Mu pilo."

Anaitana mnzake wa windo lina kuti adzamve yekha. Ndinabwereza, anthu a pamzere ali tcheru. Kenako anandifotokozera mwaulemu kuti ndikanatsegula tsiku lija, bwenzi zitakonzeka kalekale. Tsopano pasipoti inayenera kubwerera ku ofesi yaikulu kunja kwa dziko, ndipo kumeneko sathamangira munthu. Ndinachonderera, ndinatchula sukulu, ndinatchula Mulungu. Iye anangoti, "Tizayesa, sisi."

Anayesadi, koma nthawi inatha. Asukulu anandiyankha kuti malo andisungira chaka chotsatira, chaka chimenecho ayi. Tsiku limene ndikananyamuka ndinakhala pakhonde, ndipo ndege iliyonse yodutsa pamwamba pa Kalingalinga ndinkaiona ngati yanga. Ndinalira, osati pang'ono. Chaka chathunthu chinapita chifukwa cha envulopu yomwe ndikanaing'amba ndi chala chimodzi.

Ndikupukuta misozi, ba Yusufu anakweza chigalasi chawo chowotcherera n'kufuula, "Ah, ba Ulaya! Mwabwela kudala? Kuzizila bwanji uko?" Ndinazizidwadi. Anadziwa bwanji? Ndinadzamva kuti ba Mayo anapempha azimayi a kutchalitchi kuti apempherere "mwana wina wa m'nyumba mwanga amene ali na ulendo, zina sinizachula." Mwana m'nyumba mwathu ndilimo ndekha.

Nditawafunsa ba Mayo, sanagwedezeke n'komwe. "Waona ka? Tinabisa so, koma banakwanisa kufakamo mudala. Sembe tinaonesa, sembe banafakamo mbuzi."

Viza yatsopano itatuluka chaka chino, ndinaitsegulira pawindo pomwepo, ndinayang'ana mphuno, makutu, mpaka kachipsera ka pachipumi. Ndine ndithu. Ndinamuganiziranso mdala uja, kaya iye anapeza nkhope yanga m'pasipoti mwake, kaya mkazi wake anamumvetsa.

Nditafika kunyumba ndinapeza ba Mayo ali pampasa, pilo pamiyendo, singano m'manja, maso akulephera kuona kabowo. Anandiyang'ana. Ndinawayang'ana. Ndinalowetsa ulusi.

Kungoti masiku ano, akapita kumsika, ndimamasula kakona kamodzi n'kusuzumira, kuona ngati mdala uja sanabwerere pampando wanga.